DZIMBIRI M'NYUMBA ZOIMIKAMO MAGALIMOTO: KUKONZA KWAKE NDI MTENGO WAKE

Tsiku Loweruka, pa 23 June chaka cha 2012, nthawi itangopitirira 2 koloko masana, mbali ina ya denga la nyumba ya masitolo yotchedwa Algo Centre, m'tauni ya Elliot Lake m'chigawo cha Ontario ku Canada, inagwera anthu amene anali kugula zinthu m'katimo. Amai awiri anafa ndipo anthu oposa 20 anavulala. Denga limenelo silinali denga wamba, pakuti pamwamba pake ndi pamene anthu ankaimikapo magalimoto ao chiyambire chaka cha 1980 pamene nyumbayo inatsegulidwa. Tsiku limenelo kunalibe chivomezi, kunalibe mphepo ya mkuntho, ndipo sikuti dengalo linasenzetsedwa katundu wopitirira muyeso. Chimene chinaligwetsa ndi madzi a mchere amene anakhala akudontha kwa zaka 32.

Nkhani ya ku Elliot Lake ndi imodzi mwa zambiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene magalimoto anachuluka m'mizinda ya ku Britain, America, Canada ndi maiko ena a ku Ulaya, makhonsolo ndi eni masitolo anamanga nyumba zambirimbiri za nsanjika zoimikamo magalimoto. Anazimanga mofulumira ndiponso motchipa, ali ndi chikhulupiriro chakuti konkire ndi mwala, ndipo mwala sufuna wousamala. Lero nyumbazo zakwanitsa zaka 50 kapena 60, ndipo maboma pamodzi ndi eni ake ali ndi funso patsogolo pao: kodi zikonzedwe motani, ndipo alipire ndani?

CHIFUKWA CHAKE ZIMAKALAMBA MSANGA

Nyumba ya maofesi iri ndi zipupa, mazenera ndi denga zimene zimaiteteza ku mvula. Nyumba yoimikamo magalimoto iribe chitetezo chotere. M'mbali mwake amasiyamo mipata dala kuti utsi uzituluka, kotero mvula, chisanu ndi dzuwa zimalowa monga zifunira. Kunena zoona, nyumba yotere imafanana kwambiri ndi mlatho kuposa nyumba, ngakhale kuti omanga ake a nthawi imeneyo anatsata malamulo omangira nyumba wamba.

M'maiko ozizira muli bvuto lina limene anthu a kumaiko otentha salidziwa. Nyengo ya chisanu chipale chimagwa ndi kuuma m'miseu, ndipo anchito a miseu amathira mchere wambiri kuti chisungunuke, magalimoto angaterereke. Galimoto ikalowa m'nyumba yoimikamo imabwera ndi matope a chipale ndi mchere kunsi kwake. Ikaima, zonsezo zimasungunuka ndi kudonthera pansi. Madzulo galimoto imachoka, koma mcherewo umatsala. Pa mlatho mvula imatsukako mchere wina. M'nsanjika za m'kati mvula sifika mokwanira kuti itsuke, choncho mchere wa chaka chino umaunjikana pa wa chaka chatha.

Kuti munthu amvetse za kukonza, ayenera kuyamba wadziwa chimene chitsulo chikuchita m'kati mwa konkire. Konkire imapirira kwambiri poipanikiza, koma ikakokedwa kapena kupindidwa imasweka msanga. Chitsulo ndicho chimapirira kukokedwa. Mfalansa wina wosamala maluwa, Joseph Monier, analembetsa m'chaka cha 1867 luso lake loika waya m'kati mwa miphika ya simenti, ndipo kuchokera ku miphika imeneyo lusolo linakula mpaka kufika pa milatho ndi nyumba za nsanjika. Konkire yoyalidwa imene galimoto imaimapo, ija amisiri amati silabu, singasenze katundu wake ngati zitsulo za m'kati mwake zafooka.

Chodabwitsa nchakuti chitsulo chimene chimachita dzimbiri m'masiku ochepa chikasiyidwa pamvula, chingathe kukhala zaka makumi ambiri m'konkire yonyowa osachita kanthu. Chinsinsi chake ndi ukali wa laimu amene ali m'simenti. Aphunzitsi a sayansi audziwa muyeso wa pH: madzi abwino ali pa 7, pamene madzi a m'timabowo ta konkire yatsopano ali pakati pa 12.5 ndi 13.5. Mu ukali wotere pamwamba pa chitsulo pamachita kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo kakhungu kameneko kamatsekereza dzimbiri. Malinga kakhunguko kalipo, chitsulo chiri pamtendere.

Adani a kakhunguko alipo awiri. Woyamba ndi mpweya wa carbon dioxide umene uli mumlengalenga ndiponso mu utsi wa magalimoto. Mpweyawu umalowa m'konkire pang'ono pang'ono kuchokera kunja, ndi kubwezera laimu uja ku mwala umene anachokerako, mwala wopanda ukali, kufikira pH itatsika pa 9 kapena kucheperapo. M'konkire yabwino ulendo umenewu ngwochedwa ndithu. M'konkire imene inathiridwa madzi ambiri posakaniza, kapena imene sinatsenderedwe bwino, ulendowo umafulumira.

Mdani wachiwiri, ndiye woopsa koposa, ndi chloride wa mu mchere. Ameneyu sadikira kuti ukali uthe. Amaboola kakhungu kaja pamalo amodzi amodzi ngakhale konkire ikali ndi ukali wake wonse. Akatswiri a ku Britain amawerengera kuti chloride akapitirira magawo 0.4 pa magawo 100 alionse a kulemera kwa simenti, pamalo pamene pali chitsulo, ngozi yayamba. Ndiponso mchere wina sunabwere ndi magalimoto iai, unalowa tsiku lomanga. Kale amisiri ankathira calcium chloride m'konkire kuti iume msanga nyengo yozizira, ndipo ku Britain mchitidwe umenewu unaletsedwa pa konkire ya zitsulo m'chaka cha 1977, nyumba zambiri zitamangidwa kale.

Dzimbiri likayamba limafuna malo. Limatupa kuwirikiza kawiri mpaka ka 6 kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo popeza konkire sipirira kukankhidwa kuchokera m'kati, imang'ambika motsata chitsulocho. Kenaka chikhungu chapamwamba chimalekana ndi mnofu wapansi, ngakhale kunja kukuoneka bwino. Potsiriza zibenthu zimayamba kugwera pa magalimoto. Mng'alu uliwonse ndi khomo latsopano la madzi, kotero matendawa amathamanga pamene akukula. Katswiri wa ku Sweden, Kyösti Tuutti, anafotokoza mu 1982 kuti moyo wa konkire yotere uli ndi nyengo ziwiri: yoyamba, pamene mchere kapena mpweya uli pa ulendo wopita ku chitsulo ndipo palibe chooneka, yachiwiri, pamene dzimbiri layamba nchito yake. Eni nyumba ambiri amaitana mmisiri nyengo yachiwiri iri pakati. Nchimodzimodzi ndi chiswe m'phaso: pamene mwini nyumba aona dothi pa mtengo, m'kati mwatha kale.

Liripo dzimbiri lina la mchere limene silitupa kwambiri, makamaka pamene konkire iri yonyowa nthawi zonse ndipo mpweya ngwochepa. Limakumba chitsulo pamalo amodzi monga nankafumbwe m'chimanga, mpaka chitsulo chonenepa ngati chala chitatsala ngati singano, pamwamba popanda mng'alu. Mainjiniya amaliopa limeneli kuposa lija looneka.

KUYEZA KUSANAYAMBE KUKONZA

Zida zoyamba za woyeza nzosabvuta: nyundo ndi unyolo. Amakoka unyolowo pansi ponse akumvetsera. Pamene konkire iri yolimba unyolo umalira mokweza ngati belu. Pamene yalekana m'kati umalira ngati chikho chopanda kanthu, ndipo malo onse otere amawazunguliza ndi penti. Kudenga ndi pa nsanamira amagogoda ndi nyundo. Kachipangizo ka maginito kamasonyeza pamene pali chitsulo ndi kuchindikala kwa konkire imene yachikuta. Amaboolanso ndi kutenga fumbi pa kuya kosiyanasiyana, nalitumiza kokapima kuti aone pamene mchere wafika. Pamalo pongoswedwa kumene amawaza mankhwala a phenolphthalein, omwe aja a m'kalasi ya sayansi: pamene ukali ulipo konkire imasanduka yofiirira, pamene watha imakhala mmene inaliri, ndipo malire ake amayezedwa ndi rula.

Dzimbiri ndi nkhani ya magetsi, ndipo mfundo imeneyi ndiyo maziko a zambiri zotsatira. Mbali ina ya chitsulo imasungunuka, mbali ina imalandira magetsi ochokera ku mbali yosungunukayo, ndipo chinyezi cha m'konkire ndicho chimalumikiza ziwirizi, monga mmene batire imagwirira nchito. Polumikiza waya ku chitsulo ndi kuyendetsa kachipangizo ka mkuwa pamwamba pa silabu, woyeza amajambula mapu a malo amene dzimbiri likugwira nchito konkire isanang'ambike nkomwe. Malinga ndi muyeso wa ku America wotchedwa ASTM C876, malo osonyeza kutsika kuposa −350 millivolt ali ndi mpata woposa 90 pa 100 wakuti dzimbiri lirimo.

Zonsezi ziri ndi phindu pokhapokha woyezayo atafika pamene pabisika. Nyumba ya ku Elliot Lake inali ya mitanda ndi nsanamira zachitsulo zosenza masilabu a konkire, ndipo chimene chinaduka ndi powotcherera pamene mtanda umodzi unalumikizidwa ku nsanamira yake. Dzimbiri linali litadya mbali yaikulu ya powotchererapo. Mainjiniya angapo anayendera nyumbayo pa zaka zonsezo, koma malo olumikizirawo sanapimidwe mofatsa.

CHIGAMBA NDI MABVUTO AKE

Njira yodziwika kwa onse ndi kugumula konkire yoonongeka, kuyeretsa chitsulo, ndi kuthira yatsopano. Pakamwa nzosabvuta. Mmisiri wosadziwa amangochotsa chimene chikugwedera napaka matope a simenti pamwamba, ndipo pakapita zaka zowerengeka chigambacho chimagwa chathunthu. Nchito yoyenera imafuna kuti m'mphepete mwa balalo mudulidwe ndi sowo molunjika, chigamba chingathere mopyapyala; kuti konkire ichotsedwe mpaka kuseri kwa chitsulo, pokwana kulowetsa zala, chifukwa mchere wotsala kumbuyoko udzapitiriza nchito yake; kuti chitsulo chiyeretsedwe ndi mchenga wopopera kufikira chitawala; ndi kuti pamene chaonda kwambiri aonjezepo china. Masiku ano ambiri amagumula ndi madzi opopedwa mwamphamvu zedi m'malo mwa nyundo za makina, pakuti nyundozo zimasiya timing'alu m'konkire yotsala ndipo zimagwedeza zitsulo. Matope okonzera ayenera kufanana ndi konkire yakale pa kulimba kwake, ndipo asakhale ofupika kwambiri pouma. Olimba kopambana sindiwo abwino kopambana. Ku Ulaya zonsezi zinasonkhanitsidwa mu muyeso wa EN 1504.

Komabe chigamba chopangidwa bwino lomwe chiri ndi msampha wake, umene unazunguza mainjiniya kwa nthawi ndithu. Anaona kuti akakonza malo, patapita zaka zochepa konkire inali kusweka mozungulira chigambacho ngati mphete. Chifukwa chake nchomwe chija cha batire. Pamene malo aja anali kuchita dzimbiri, anali kuteteza zitsulo zoyandikana nao, pakuti ndiwo anali kusungunuka m'malo mwa anzao. Atachiritsidwa ndi kukutidwa m'konkire yatsopano ya ukali, udindo wosungunuka unasamukira ku chitsulo cha m'mbali, chimene chikali m'konkire yakale ya mchere. Mwini nyumba amene amalipira chigamba chaka ndi chaka amayesa kuti amisiri akumnyenga, koma kawiri kawiri cholakwa nchakuti wagula mankhwala opaka pa chilonda pamene matenda ali m'magazi.

Ndiponso kukonza kosalingalira kungathe kusiya nyumba iri yofooka monga kale, mwini wake akuyesa kuti yachira. M'bandakucha wa pa 20 March, 1997, mbali ya nsanjika yapamwamba ya nyumba yoimikamo magalimoto ya Pipers Row, mumzinda wa Wolverhampton ku England, yolemera matani 120, inagwera pa nsanjika ya pansi pake. Mwamwai palibe amene anavulala, pakuti unali usiku. Nyumbayo inamangidwa cha mu 1965 mwa njira youmba masilabu pansi ndi kuwakweza pa nsanamira, popanda mitanda. Poyamba anthu anati ndi dzimbiri, monga amanenera nthawi zonse. Koma kufufuza kochitidwa m'dzina la Health and Safety Executive, bungwe la Boma loona za chitetezo pa nchito, kunasonyeza kuti konkire ya pamwambayo inali yofooka chiyambire, kuti madzi olowamo anali kuundana ndi kusungunuka nyengo ndi nyengo mpaka inayamba kufumbutuka, ndi kuti zigamba zimene zinaikidwa pafupi ndi nsanamira sizinagwirane ndi konkire yakale. Nsanamira imodzi inaboola silabu monga chala chiboola pepala lonyowa, katundu wake anagwera pa zinzake, ndipo nazonso zinaboola motsatizana.

Mainjiniya anatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, si kuonongeka konse kumene kuli dzimbiri, ndipo wokonza asanadziwe nthenda amangotaya ndalama. Chachiwiri, pamutu pa nsanamira ndi pamene silabu imadalira zitsulo zake zapamwamba, kotero kugumula pamenepo usanachirikize pansi ndi mizati yoyembekezera kuli ngati kuzula mzati wa nkhokwe chimanga chiri momwemo. Nyumba zina ziri ndi zingwe zachitsulo zokokedwa mwamphamvu m'kati mwa silabu. Kudula chimodzi mwangozi kungaphe munthu, ndipo dzimbiri la zingwe zimenezi kawiri kawiri silioneka kunja konse.

KUCHIRITSA NDI MAGETSI

Popeza dzimbiri limayenda ndi magetsi, lingathenso kuimitsidwa ndi magetsi. Nzeru imeneyi njakale. Mu 1824 Sir Humphry Davy anasonyeza akuluakulu a zombo za nkhondo za ku Britain kuti mkuwa wokuta pansi pa chombo sudyeka ngati amangirirapo zidutswa za zinc kapena za chitsulo, pakuti zidutswazo ndizo zimadyeka m'malo mwa mkuwawo. Pa konkire njirayi inayesedwa poyera mu 1973, pamene Richard Stratfull wa dipatimenti ya miseu ya ku California anaiika pa mlatho wa Sly Park Road. Dzina lake ndi cathodic protection.

Iri ndi mitundu iwiri. Wosabvuta ndi kumangirira timibulu ta zinc, tokutidwa ndi matope apadera, ku zitsulo za m'mphepete mwa chigamba asanathire konkire yatsopano. Zinc amasungunuka, chitsulo nkupuma, ndipo mphete ija imachedwa kuoneka. Timibuluto tinayamba kugwiritsidwa nchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo popeza timadyeka, moyo wake uli ndi malire. Mtundu wachiwiri ndi kuyala ukonde kapena timalamba ta titanium m'konkire, kapena kupaka penti yodutsa magetsi, ndi kulumikiza zimenezi ku kabokosi kopereka magetsi ochepa kwambiri usana ndi usiku. Ubwino wake waukulu ngwakuti konkire imene iri ndi mchere koma ikali yolimba sichotsedwa. Amangokonza pamene pasweka. Pa nyumba yaikulu kumeneku ndi kupulumutsa matani ambiri a konkire ndi miyezi yambiri ya fumbi ndi phokoso, ndiponso magalimoto amapitiriza kuima m'nsanjika zina nchito iri m'kati. Kuipa kwake nkwakuti pamafunika munthu wowerenga mita ndi kusintha mphamvu kwa zaka zonse zotsala za nyumbayo. Nyumba ikasintha mwini, kapena ofesi ikasintha kalaliki ndipo mafaelo asokonezeka, kabokosiko kangathe kuzimitsidwa ndi munthu wosadziwa nchito yake, dzimbiri nkuyambiranso mwakachetechete. Anchito a Boma amene analandirapo udindo popanda makalata ofotokoza za m'mbuyo adzaizindikira ngozi imeneyi.

Ziriponso njira zoyendetsa magetsi amphamvu kwa masabata owerengeka okha, kuti akoke mchere kutuluka m'konkire kapena kubwezeretsa ukali wotayika. Zimathandiza, koma sizichotsa mchere wonse.

MADZI NDI NDALAMA

Zonse zatchulidwazi nzachabe ngati madzi apitiriza kulowa. Chifukwa chake nchito yokonza imatsirizidwa ndi kuyala chotchinga madzi pamwamba pa silabu, cholimba mokwanira kupirira matayala, makamaka pokhota ndi pokwera pamene chimaperepeseka msanga. Mizere yolumikizira masilabu imaikidwa mphira watsopano, mipope yotaya madzi imatsegulidwa, ndipo pamene madzi amadikha amaonjeza kutsetsereka. Zina mwa nchito zimenezi nzotchipa modabwitsa: kutsuka pansi ndi madzi ambiri nyengo ya chisanu ikatha, ndi kuchotsa zinyalala m'ngalande.

Pa Algo Centre omanga sanayale chotchinga madzi padenga lonse. Anadalira konkire yopyapyala yapamwamba ndi mankhwala omata m'mizere yolumikizira. Dengalo linayamba kudontha nyumbayo ikali yatsopano. Eni ake atatu otsatizana anapitiriza kumata mizere yomweyo, ngakhale kuti mainjiniya analangiza kangapo za kuyala chotchinga chenicheni. Laibulale ya tauniyo, imene inali m'nyumba momwemo, inkatchinjiriza mabuku ndi mapulasitiki ndi zidebe. Ofufuza anapeza kuti zitsulo za nyumba imeneyi, imene inali kutali zedi ndi nyanja ya mchere, zinadyeka monga zimadyekera zitsulo za m'mphepete mwa nyanja yotere.

Boma la Ontario linasankha woweruza, a Paul Bélanger, kuti afufuze, ndipo lipoti lao linatuluka mu October 2014. Iwo anati ngakhale dzimbiri ndilo linagonjetsa nyumbayo, kulephera kwenikweni kunali kwa anthu. Anadzudzula eni nyumba amene anasankha chotchipa, mainjiniya amene analemba malipoti osakhumudwitsa owalipira, ndi akuluakulu a tauni amene sanagwiritse nchito malamulo ao omwe. Patangotsala masabata owerengeka kuti dengalo ligwe, injiniya wina anaiyendera nyumbayo nalemba kuti njolimba. Anazengedwa mlandu, ndipo mu 2017 bwalo linampeza wosalakwa pa mlandu umene anamzengawo. Sikobvuta kumvetsa mantha a akuluakulu a tauni. Elliot Lake inali tauni ya migodi ya uranium, migodiyo inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo nyumba ya masitoloyo inali mtima wa malonda otsala. Kuitseka kukadakhala kutseka nchito za anthu. Koma kumvetsa mantha sikutanthauza kuwavomereza, pakuti lamulo linaikidwira nthawi zomwezo pamene kulitsata kukupweteka.

Injiniya wa ku Netherlands, W. R. de Sitter, anapereka mu 1984 chiyerekezo chimene chimatchedwa lamulo la zisanu. Ndalama imodzi yoonongedwa pa kumanga bwino imachita nchito ya ndalama 5 zosamalira dzimbiri lisanayambe, ya ndalama 25 zokonzera litayamba pamalo ochepa, ndi ya ndalama 125 zokonzera litafalikira. Si masamu enieni, koma osunga chuma cha makhonsolo angachite bwino kuwakumbukira, chifukwa ndalama zosamalira ndizo zimayamba kudulidwa chaka chikabvuta, ndipo kudulako sikuonetsa chilonda mpaka amene anadulayo atapuma pa nchito.

Kuchedwa kwa mtundu womwewu kunaonekanso ku America. Pa 24 June, 2021, nyumba yogonamo ya Champlain Towers South ku Surfside, m'chigawo cha Florida, inagwa nipha anthu 98. Lipoti la injiniya la mu 2018 linali litachenjeza kale za kuonongeka kwakukulu kwa silabu ya pabwalo la dziwe losambiramo, imene inali denga la malo oimikamo magalimoto pansi pake, ndi za kusweka kwa konkire pa nsanamira za m'menemo. Panatenga zaka pafupifupi zitatu kuti mgwirizano wosonkha madola pafupifupi 15 miliyoni ufikiridwe, ndipo nchito ya konkireyo inali isanayambe pamene nyumbayo inagwa. Ofufuza a Boma la America anasonyeza kuti panalinso zoperewera pa mapulani ndi pa kamangidwe, dzimbiri nkudzaonjezera pa kufooka kumene kunalipo kale.

Ngozi zimenezi zinasintha malamulo. Ku Britain bungwe la Institution of Civil Engineers linatulutsa malangizo mu 2002 akuti nyumba iriyonse yoimikamo magalimoto ikhale ndi buku la moyo wake, lolembamo mapulani, zoyezedwa, zokonzedwa ndi nthawi yoyezanso. Florida inakhazikitsa mu 2022 lamulo loyeza nyumba zogonamo za nsanjika zikafika zaka 30. Mzinda wa New York unalamula mu 2021 kuti nyumba zoimikamo magalimoto ziziyezedwa ndi injiniya zaka 6 ziri zonse. Koma pa 18 April, 2023, ina yakale kwambiri ya mu Ann Street, ku Manhattan, inagwa nipha munthu mmodzi. Pakali pano katundunso akukula. Magalimoto a masiku ano ngolemera kuposa a m'ma 1960, makamaka oyendera mabatire, ndipo mu 2023 bungwe la Institution of Structural Engineers linalangiza kuti muyeso wa katundu wowerengera pomanga nyumba zotere ukwezedwe. Silabu imene zitsulo zake zaonda ikupemphedwa kusenza zambiri kuposa zimene inalonjeza ikali yatsopano. Pamene mchere wafika ponseponse ndipo mapulani anali operewera chiyambire, makhonsolo ena apeza kuti kugumula nkotchipa kuposa kukonza.

Ku Malawi ndi ku Zambia mchere suthiridwa m'miseu, ndipo nyumba za nsanjika zoimikamo magalimoto nzowerengeka. Koma adani awiri aja safuna chipale kuti agwire nchito. Mphepo ya kunyanja imanyamula mchere ku Beira, ku Nacala ndi ku Durban. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, zitsime zina zimatulutsa madzi a mchere, ndipo madzi otere akagwiritsidwa nchito posakaniza konkire, chloride amaikidwa pa chitsulo tsiku loyamba lomwe, monga kunachitikira ndi calcium chloride ku Britain. Carbon dioxide ali paliponse, ndipo kutentha kumafulumizitsa nchito yake ndi ya dzimbiri lomwe. Maofesi a Boma a pa Capital Hill ku Lilongwe, kumene likulu linasamukira mu 1975, pamodzi ndi masukulu, zipatala ndi milatho ya m'zaka zomwezo, afika pa msinkhu umene mainjiniya a kwina amayamba kugogoda ndi nyundo ndi kuwaza phenolphthalein.

Kwa oyang'anira zomangamanga zatsopano, chinthu choyenera kuonetsetsa konkire isanathiridwe ndi timiyala ta simenti tija timaikidwa pansi pa zitsulo kuti zisagone pa matabwa. Mpweya sulowa m'konkire ndi liwiro lofanana; umafulumira poyamba ndi kuchedwa pamene ukupita m'kati, kotero kuti chikuto cha konkire chikachepa ndi theka, nthawi yofikira chitsulo imachepa kanai. Ngati chitsulo chokutidwa ndi mamilimita 40 chifikiridwa patapita zaka 60, china cha m'konkire yomweyo, chimene anchito anachipondereza ndi nsapato mpaka chinatsala ndi mamilimita 20, chidzafikiridwa patapita zaka 15.